Wophunzira anapita, mlandu unatsalira mayi wa zaumoyo

Ku Lichinga mwezi wa June kumazizira moti mlendo wochokera ku Tete kapena ku Nampula amagona atavala jekete. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,300, ndipo m'mamawa nkhungu imakuta mitengo ya paini mpaka dzuwa litakwera. Inali nyengo imeneyi, m'chaka cha 2022, pamene mnyamata wina wochita digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka ntchito zaumoyo anatsika basi yochokera ku Cuamba, atanyamula chikwama, laputopu ndi kalata yodinda. Dzina lake ndi la sukulu yake ndizisiya, chifukwa zimene anachita akuchitanso ambiri, ndipo ambiriwo ndi ana a mtima wabwino ngati iyeyo.

Sukulu inamutuma kuti akaphunzire uku akutumikira anthu. Maphunziro ambiri a zaumoyo masiku ano ali ndi gawo limeneli, ndipo ganizo lake ndi lolondola. Munthu amene mawa adzakhale mkulu wa zaumoyo, wogawa mankhwala, anamwino ndi mafuta a ambulansi, ayenera kuyamba waona ndi maso ake mtunda umene mayi woyembekezera amayenda, komanso madzi amene banja limamwa. Mutu wa mnyamatayu unali wa madzi ndi matenda otsegula m'mimba. Anamupatsa mudzi wina kunja kwa mzinda, cha kunjira ya ku Meponda, kumene mipope ya madzi a ku damu la Locumue siifika, ndipo anthu amadalira zitsime zokumba okha.

Kalata ija anakaionetsa ku ofesi, kenaka kwa mlembi wa mudzi, basi n'kuganiza kuti malonje atha. Kwa mfumu sanapite kukakhala pansi. Kwa shehe sanafike, kwa akulu a mpingo chimodzimodzi, ndipo komiti ya zaumoyo ya m'mudzimo anangoimva dzina. Masabata ake anali ochepa, mafunso ake ambiri, tsono misonkhano anaiona ngati yongomudyera nthawi.

Amene anamutsegulira makomo anali mayi wa zaumoyo wa m'mudzimo. Ku Mozambique anthu otere amawatchula kuti APE. Ntchito yawo inayamba mu 1978, chaka chomwe mayiko anagwirizana ku Alma-Ata kuti chithandizo choyambirira chizifika kwa munthu aliyense. Nkhondo yapachiweniweni inaisokoneza, ndipo boma linadzaiutsanso mu 2010. APE amasankhidwa ndi anthu a m'mudzi mwake, amakaphunzira miyezi inayi, n'kubwerako ndi bokosi la zoyezera malungo, mankhwala a malungo ndi chibayo, komanso mapaketi a ORS. A ku Malawi angamuyerekeze ndi mlangizi wa zaumoyo, kungoti iye amangolandira kangachepe, kamenenso nthawi zina kamachedwa. Chimene mayiyu anali nacho chenicheni n'chakuti akaodira pakhomo, ngakhale usiku, anthu ankatsegula. Anachipeza pang'onopang'ono, pogona maso ndi ana otentha thupi ndi poperekeza amayi kuchipatala mvula ikugwa.

Mnyamatayo Chiyao sankachidziwa, Chinyanja ankangotola apa ndi apo, choncho mayiyu ndiye anali pakamwa pake ndi mapazi ake. Pakhomo lililonse ankatulutsa pepala la Chipwitikizi lopempha chilolezo, mayi aja n'kulimasulira mwachidule, mwini nyumba n'kudinda chala. Kenaka mafunso: dzina, ana alipo angati, chimbudzi chilipo kapena ayi, madzi mumatunga kuti, mwana anatsegula m'mimba liti komaliza. Kwa wophunzirayo chidindo chija chinkatanthauza kuti munthu walola kufunsidwa. Anthu a m'mudzimo ankachimva mwina. Iwo mayina analembedwapo kale, pa maneti a udzudzu, pa mbewu, pa ndalama za okalamba za INAS, ndipo chimene akudziwa n'chakuti dzina likalowa m'kaundula, pambuyo pake pamabwera chinthu. Sipanatenge nthawi, mbiri inamveka kuti kukubwera mjigo. Mabanja amene kafukufuku sanawasankhe anayamba kupita kwa mayi aja kukafunsa kuti anawalakwira chiyani kuti awadumphe.

Anthu ankamutchula kuti adotolo, iye osakana, poti dzinalo linkamufupikitsira njira. Tsiku lina gogo wina, atakhala pamkeka akusankha nyemba m'lichero, anamufunsa mosapsatira:

"Mwanangu, dzina langa mwalemba. Nanga mjigowo mukumba pati?"

Apa panafunika yankho lowawa koma loona, lakuti agogo, ine ndine mwana wa sukulu, mjigo ndilibe, ndabwera kudzaphunzira kwa inu. Koma mnyamatayo anayang'ana mapazi ong'ambika a gogoyo ndi chigubu cha madzi otuwa chimene chinali pakhonde, manyazi n'kumugwira.

"Ndikazifikitsa kwa akuluakulu, agogo."

Mayi aja anamasulira monga anamvera. Gogo anaika lichero pansi n'kuomba m'manja.

Sabata yomaliza inali ya mabotolo. Zitsime za kumeneko n'zosazama, zina zovundikira ndi lata lakale ndi mwala pamwamba, chingwe ndi chigubu chodula zili pansi pomwe nkhuku zimapalasa. Zina zili pafupi zedi ndi chimbudzi, kutsikira kumunsi kwake. Mnyamatayo ankavala magolovesi oyera, kuchotsa mwala, kuvundukula lata, kutsitsa chingwe, kudzaza botolo, kulilemba nambala n'kuliika m'bokosi lozizira. Ana ankamuunjirira. Akuluakulu ankayang'anira chapatali, manja kumbuyo, osafunsa kanthu. Panalibe msonkhano wofotokoza kuti mabotolowo akupita kuti, akukaonedwa chiyani, nanga yankho lidzabwera liti. Wonyamula bokosilo kuchoka pachitsime china kupita pa china anali mayi wa zaumoyo uja.

Tsiku lonyamuka anatsanzika mwaulemu, anajambulitsa ndi ana, anasiyira mayi aja kandalama ka sopo. Madzulo ake mwamuna wa mayiyu anachenjeza mkazi wake kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma iwo m'mudzimo ndi mwawo.

Zotsatira zinatuluka mnyamatayo ali kale kusukulu. Zitsime zambiri zinapezeka ndi tizilombo ta E. coli, chizindikiro chakuti zonyansa za m'chimbudzi zikulowa m'madzi akumwa. Ankadziwa chitsime ndi chitsime, chifukwa nambala iliyonse inali ndi dzina la mwini wake. Anajambula mapu abwino, madontho ofiira pamene pali poipa, obiriwira pamene pali bwino, ndipo aphunzitsi anamuyamikira. Maganizo obwerera anali nawo ndithu. Koma ndalama ya kafukufuku inali itathera pa ulendo woyamba, tsiku lopereka ntchito linali litayandikira, ndipo pa pepala lopatsira malikisi panalibe mzere wofunsa ngati eni madziwo auzidwa. Mayi aja ankamuflasha, poti mayunitsi analibe. Iye akaimba ankati posachedwa, mayi, posachedwa. Kenaka anasiya kuimba, chifukwa analibe chatsopano choti anene.

Pa 14 September 2022 kunamveka za wodwala kolera woyamba m'boma la Lago, m'mphepete mwa nyanja. Kutsidya, ku Malawi, mliri unali utayamba mu March chaka chomwecho, ndipo unadzapha anthu oposa 1,700. Maboma ena a Niassa anali atatha zaka zoposa zisanu osaona kolera, moti ngakhale ogwira ntchito ena a zaumoyo anali asanakumanepo nayo. Mvula itayamba, matendawa anakwera chitunda n'kufika ku Lichinga. Pofika pakati pa February 2023, Mozambique inali italemba odwala oposa 5,000. Katemera anafika kumapeto kwa mwezi umenewo, womwa kamodzi m'malo mwa kawiri, chifukwa padziko lonse anali wochepa. Pa miyezi yonse yoyembekezerayo, chida chimene chinalipo chinali madzi otetezedwa, sopo, ORS ndi kuthamangira msanga kuchipatala.

Mayi wa zaumoyo uja anapatsidwa mabotolo a Certeza, mankhwala a klorini othira m'madzi akumwa. Malangizo ake ndi osavuta: kachivindikiro kamodzi m'chigubu cha malita 20, kugwedeza, kudikira mphindi 30. Anayamba kuyenda khomo ndi khomo monga mwa masiku onse. Pakhomo loyamba analandira botolo n'kuliika pansi pa nkhokwe. Pachiwiri anati abwere mawa. Pachitatu bambo wa pakhomopo anatuluka yekha.

"Mayi, munabwera ndi mlendo wanu, munavundukula zitsime zathu. Mjigo sunabwere, kwabwera kolera. Lero mwabweranso ndi botolo lina. Pitani mwaulemu, tisayambane."

Musafulumire kuwatcha mbuli anthu amenewa. Tsatirani bwino mmene anaganizira. Anaona mlendo wovala magolovesi akutsegula zitsime. Palibe anawauza chifukwa chake. Anawalonjeza, kapena anamva ngati awalonjeza, ndipo palibe chinabwera. Patapita miyezi yochepa, anthu anayamba kudwala matenda amene aliyense akuti amachokera m'madzi. Munthu amene sanapatsidwe yankho amadzipangira lake, kuchokera pa zimene maso ake anaona. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Carlos Serra anafufuza ziwawa za kolera m'chigawo cha Nampula n'kulemba buku lotchedwa Cólera e Catarse mu 2003. Anapeza kuti mphekesera yakuti a boma ndi a mabungwe ndiwo amabweretsa kolera imamera pakati pa anthu osauka amene anazolowera kuona akuluakulu akubwera, kulamula, n'kupita osawafunsa kapena kuwayankha. Kufanana kwa mawu a Chipwitikizi a cloro (klorini) ndi cólera (kolera) kumangothira mafuta pa chikayiko chimene chinalipo kale. Ndipo chikayikocho chimapha. Mu 2009 ku Mogincual, m'chigawo chomwecho cha Nampula, anthu odzipereka a Red Cross anaphedwa pa mphekesera zotere, ndipo anthu oposa khumi amene anamangidwa pambuyo pake anafera m'chitokosi cha apolisi chifukwa chothithikana.

M'mudzi muja zinthu sizinafike pamenepo, koma zinafika poipa. Chitsime cha gogo wa nyemba uja chinali chimodzi mwa madontho ofiira. Usiku wina mdzukulu wake anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Kale akanathamangira kukadzutsa mayi wa zaumoyo, amene anali ndi ORS m'bokosi, nyumba zochepa chabe kuchokera pamenepo. Ulendo uno anadikira kuti kuche. Kolera imakhetsa madzi a m'thupi m'maola ochepa, ndipo pomwe ankamukweza pa njinga yamoto, mwanayo maso anali atalowa, khungu likatsinidwa osabwerera. Kumsasa wa odwala kolera anamuika madiripu n'kupulumuka. Gogoyo, amene anachapa nsanza za mwanayo usiku wonse, anayamba kudwala mawa lake, anakana kupita kumsasa, ndipo sanathe masiku.

Maliro atatha, usiku padenga pa mayi wa zaumoyo panayamba kugwa miyala. Mwamuna wake anamuperekeza kwa abale mumzinda. Masabata amene anakhala kumeneko anali a pakati pa dzinja, nyengo imene malungo amakhala pachimake, ndipo mudzi wonse unalibe woyeza mwana magazi kapena wopereka mankhwala a chibayo. Za ana amenewo palibe kafukufuku anazilemba.

Amene anakonza zinthu ndi anthu omwe aja mnyamatayo anawadumpha. Mfumu inaitanitsa msonkhano, komiti ya zaumoyo inaitana namwino wa kuchipatala kuti adzafotokoze, ndipo Lachisanu lina, mapemphero atatha, shehe anathira Certeza m'chigubu pamaso pa anthu, anadikira, n'kumwa iye poyamba. Mayi aja anabwerera. Amagwirabe ntchito, koma pali makomo amene mpaka pano amamulandirira panja.

Tisamunamizire mnyamatayu. Kolera sanabweretse ndiye, ndipo ngakhale akanabwerera ndi mapu ake, mliri ukanafikabe. Mlandu wake ndi wakuti ankadziwa zitsime zoopsa miyezi ingapo mvula isanagwe, eni ake osadziwa. Mlandu wina, umene kwa ine ndi waukulu koposa, ndi wakuti anadyera ulemu wa mayi amene anaupeza movutikira, n'kumusiya ayankhe yekha mafunso amene sanali ake. Ndipo sukulu imene inamutuma ili ndi gawo lalikulu pa mlanduwu, chifukwa wophunzira amachita zimene akudziwa kuti zidzawerengedwa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti njira yabwino siili kutali. Universidade Lúrio, imene inakhazikitsidwa mu 2006 ndipo ili ndi nthambi ya zaulimi ku Unango m'chigawo chomwechi cha Niassa, imadziwika ndi ndondomeko yotchedwa Um Estudante, Uma Família, kutanthauza wophunzira mmodzi, banja limodzi. Wophunzira wa zaumoyo ku Nampula amapatsidwa banja la m'madera oyandikana ndi sukulu, n'kumaliyendera m'zaka za maphunziro ake. Mphamvu ya ndondomekoyi ili pa kubwerera. Munthu amene akudziwa kuti adzaonananso ndi gogo yemweyo mwezi wamawa salankhula mosasamala, ndipo akalakwitsa amakhala ndi mpata wokonza. Ku Malawi, College of Medicine, imene inatsegulidwa mu 1991 ndipo tsopano ili m'gulu la Kamuzu University of Health Sciences, inaika maphunziro a umoyo wa anthu m'madera ku Mangochi, kumene ophunzira udotolo amatumizidwa kukakhala m'midzi, kudya ndi kumwa zimene eni mudzi amadya ndi kumwa. Amene wamwa madzi a chitsime cha m'mudzi sangatenge zotsatira zake ngati nambala chabe.

Mu Lichinga momwemo muli chitsanzo china. Feliciano dos Santos, mwana wa ku Niassa amene anadwala poliyo ali wamng'ono, anatsogolera bungwe la Estamos pophunzitsa anthu zimbudzi zothira phulusa ndi dothi, zimene zonyansa zake zimasanduka manyowa a kumunda. Ndi gulu lake loimba la Massukos, ankafikitsa nkhani za ukhondo m'zilankhulo za anthu eni ake, ndipo mu 2008 analandira mphoto ya Goldman. Nkhani ya chimbudzi ndi yochititsa manyazi kuikamba pagulu, koma anthu anamumvera, chifukwa ankadziwa kwawo, ankamva chilankhulo chake, ndipo ankadziwa komupeza zinthu zikavuta.

Vuto la ophunzira a digiri yachiwiri n'lakuti nthawi yawo kumudzi ndi yaifupi, ndipo ambiri amakhala ali kale pantchito, akuthamangira kumaliza. Kuonjezera apo, wophunzira kayendetsedwe ka ntchito alibe chooneka m'manja. Wophunzira unamwino amatha kutsuka bala, wa udotolo amatha kupima mwana, anthu n'kuona kuti athandizidwa. Uyu amabwera ndi kope ndi mafunso, tsono n'zosavuta kuti atenge zambiri osasiya kanthu. Komatu ntchito yoti atumikire nayo ilipo, ndipo ndi ya maphunziro ake enieni. Mnyamata uja akanatha kukhala pansi ndi mayi wa zaumoyo n'kuwerenga naye mapaketi a ORS mvula isanayambe, kuona kuti bokosi lake la mankhwala limachedwera pati pakati pa nkhokwe ya mankhwala ndi mudzi, n'kukauza oyenera. Akanatha kuthandiza komiti kulemba kalata yopempha mjigo ku ofesi yoona za madzi, zotsatira za zitsime zili pamwamba, kope lina n'kusiya kwa mfumu. Mjigo mwina sukanabwera chaka chimenecho, koma anthu akanakhala ndi umboni m'manja mwawo, ndipo akanadziwa kuti mabotolo aja anapita kukawagwirira ntchito. Kuyendetsa ntchito zaumoyo n'kumeneko: kuonetsetsa kuti chimene chadziwika chafika kwa munthu amene angachitepo kanthu, nthawi isanathe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chimene wophunzira wotere amatuluka nacho. Ngati pa ulendo wake woyamba waphunzira kuti mudzi ndi malo okatengako manambala, akadzakhala pampando adzachita zomwezo. Adzafuna malipoti a mwezi ndi mwezi kuchokera kwa ma APE, koma sadzawatumizira yankho. Adzalemba m'lipoti kuti anthu akukana klorini chifukwa cha umbuli, n'kupempha ndalama za zimkuzamawu, osafunsa kuti ndani anapita m'mudzimo chaka chatha, ananena chiyani, nanga anabwerera kapena ayi. Mudzi umodzi womwewo umalandira ophunzira a sukulu zosiyanasiyana, a mabungwe, a kafukufuku wa boma, aliyense ndi kope lake, aliyense akuganiza kuti ndiye woyamba. Eni mudzi amawakumbukira onse, ndipo amawerenga amene anabwerera.

Mnyamata uja anamaliza digiri yake. Za gogo uja anamva mochedwa, pafoni, kuchokera kwa mayi yemweyo amene anasiya kumuimbira. Mapu a madontho ofiira alipobe m'laibulale ya sukulu yake, m'Chipwitikizi, ndipo m'mudzimo palibe amene anawaonapo.

Inu aphunzitsi otuma ophunzira kumudzi, ndalama ya ulendo wobwerera muiike pambali ulendo woyamba usanayambe, ndipo ntchito ya wophunzira musaipatse malikisi asanakaime pamaso pa anthu amene anawafunsa n'kuwauza zimene anapeza, m'chilankhulo chawo. Inu ophunzira, gogo akakufunsani za mjigo, muuzeni zoona pomwepo, ngakhale nkhope yake igwe. Ndipo inu mafumu ndi makomiti a zaumoyo, wophunzira akabwera ndi kalata yodinda mulandireni bwino, koma asanatsegule kope lake mufunseni pagulu tsiku limene adzabwerere ndi yankho, ndipo tsikulo lilembedwe.